Ndinkati ndi Utomoni wa Mlombwa

Magazi oyamba ndinawaona m'phiri la Ntchisi, mwezi wa Juni, anthu atatha kukolola. Ndinali nditagwetsa mlombwa. Mtengo umenewu ukautema umatuluka utomoni wofiira ngati magazi a munthu. Ndiye nditatsokomola n'kulavula, n'kuona pamasamba pafiira, ndinati utomoni wandilowa m'kamwa. Ndinapitiriza kusema.

Ine ndine Mwale, wosema ng'oma. Sukulu ndinangoinunkhiza, mukaona zilembo zopotoka musaseke. Koma za ng'oma kafunseni kuyambira ku Chisepo mpaka ku Mponela, akuuzani kuti za Mwale zinkamveka kuseri kwa phiri. Moyo wanga unali wotere: masabata awiri kuthengo, awiri pakhomo. Kuthengo ndinkanyamula nkhwangwa, kasemasema, ufa ndi mchere basi. Ndiwo ndinkazipeza komweko, mbewa, uchi, bowa ikakhala nthawi yake. Ndinkagona kuphanga. Anzanga ankalima fodya n'kugula mawailesi, ine n'kumati ndili ndi miyendo ndi makutu, zandikwana.

Chifuwa sichinathe. Pofika Ogasiti ndinkadzuka mphasa itanyowa ndi thukuta. Lamba ndinamuboola mabowo awiri atsopano. Kenako mapazi anatupa. Chaka chimenecho akuluakulu a chipani anandiuza kuti ndiseme ng'oma zitatu za amayi okavina, ndipo masiku amenewo munthu sunkayankha kuti ndadwala. Ndinakwerabe phiri, kupuma pa mwala uliwonse.

Achimwene anga aakulu atandiona anapukusa mutu. "Chifuwa, magazi, kutupa. Uwu ndi mdulo. Iwe ukakhala kuthengo, pakhomo pano ukudziwa amafika ndani? Nanga mchere m'ndiwo amathira ndani?"

Kwathu timati mkazi akayenda ndi mwamuna wina n'kudzathira mchere m'ndiwo, wa pakhomo amadulika pachifuwa. Ndinakhulupirira tsiku lomwelo, chifukwa zinali zopepuka kusiyana n'kuvomera kuti thupi la Mwale lagonja. Ndinaitana ankhoswe. Ndinakuwa, mudzi wonse unamva. Akazi anga a Nankhoma, amene anandiberekera ana anayi, anangoti, "A Mwale, ine sindinayende. Pitani kuchipatala." Ine ndinati, "Iwe, tenga zako." Ndinawatchula kuti iwe pamaso pa anthu. Anapita kwawo ku Chisepo.

Ndinamwa mizu ya mdulo mwezi wathunthu. Palibe chinasintha. Mu Novembala, mvula yoyamba itagwa, ndinagwa pafupi ndi ng'oma yachitatu, magazi akutuluka m'kamwa. Achimwene aja anati tidikire mizu igwire ntchito. Amene anabwera ndi ngolo ya alongo awo anali a Nankhoma. Pansonga ya chitenje anamangapo khadi langa la chipani, poti popanda ilo basi sukwera. Ngoloyo inatisiya pamsewu, tinakwera basi.

Kuchipatala cha mishoni tinakhala pabenchi kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kupendeka. Anandipatsa kabotolo kolavuliramo makhololo, masiku atatu otsatizana. Tsiku lachinayi adokotala anati, "Bambo, ichi ndi chifuwa chachikulu. Mchere sulowapo apa. Mukanabwera mu Juni."

Anandigoneka m'wodi ya otsokomola okhaokha. M'mawa uliwonse belu, kenako jakisoni pathako, kenako mapiritsi. Lolemba lililonse sikelo. Matako anauma ngati chikopa cha ng'oma, anamwino ankachita kufunafuna pobaya. Pabedi loyandikana nane panali mphunzitsi wina wa ku Dowa Boma, munthu wofatsa. Lachitatu anandipempha kuti ndidzamusemere mpando akachira. Lachisanu anamufunditsa nsalu mpaka kumutu. Pofika madzulo pabedipo panali wina.

A Nankhoma ankagona pakhonde pamodzi ndi amayi ena odikirira odwala, n'kumaphika panja. Tsiku loyamba anabwera ndi phala. Anamasula kapepala ka mchere, anathira ine ndikuona, anatakasa, n'kundipatsa mbale. Ndinadya lonse.

Sabata lachisanu m'makutu munayamba kulira ngati nyenje. Ndikaimirira pansi pankazungulira. Sindinanene. Ndinati mwamuna wogona kuphanga angadandaule za nyenje? Patapita masiku ambiri anamwino anaona kuti akandiitana sindicheuka. Anati, "Agogo, bwanji simunanene msanga? Jakisoniyu ena amawapha makutu. Tikanamusiya kale." Anamusiya tsiku lomwelo, koma khutu lamanzere linali litafa. Lamanja linatsala theka.

Ndinatuluka chimanga chili m'chiuno. Mapiritsi ndinamwa chaka ndi miyezi, osadumpha, mwezi uliwonse kukatenga ena. Nditapeza mphamvu ndinagwira nkhuku, ulendo wa ku Chisepo kukapepesa kwa ankhoswe. Anandilandira. Koma mawu amene ndinakuwa tsiku lija sanabwerere m'kamwa mwanga. Mpaka lero alipo ena pachitsime amene a Nankhoma akamadutsa amatsinana.

Panopa chifuwa chinatha, sinditsokomolanso. Phiri ndimangofika m'munsi, ndimabwerera dzuwa lisanalowe, chifukwa mpweya ndi wochepa ndipo pamalo otsetsereka ndimadzandira. Anthu amati ndimakuwa poyankhula chifukwa cha ugonthi. Bodza, ndinabadwa wokuwa.

Kusema ndimasemabe, manja sanadwale. Koma ng'oma si mtengo, ng'oma ndi mawu. Ndikakunga chikopa, n'kumata phula pakati, n'kuwamba pamoto, ndimaimenya koma ndimangomva kunjenjemera m'manja. Ndiye ndimaitana a Nankhoma. Amakhala pamphasa, ine n'kumenya. Akapukusa mutu ndimabwezera pamoto. Akagwedeza ndimadziwa kuti yalira. Ogula amati za Mwale sizisintha. Sadziwa kuti makutu ndi a yani.

Inu amene mukutsokomola kupitirira masabata angapo, inu amene mwaona kofiira m'malovu, musafunse kuti mchere wathira ndani. Pitani akakuyezeni makhololo mudakayenda ndi miyendo yanu. Mukayamba mankhwala, chilichonse chachilendo m'thupi nenani tsiku lomwelo. Ine ndinachedwa kawiri. Koyamba ndinawononga dzina la akazi anga, kachiwiri ndinataya makutu. Chifuwa chokha n'chimene chinapola.