Mwini Khola Nambala 47

Tusekile Nzunda analowa ntchito pa famu ya nkhumba ya kunja kwa tawuni ya Vwawa ali mtsikana, ndipo anatulukapo imvi zitayamba, atachita kupirikitsidwa ngati galu wakuba mazira. Kwa zaka 19 ankakolopa makola ndi kubereketsa nkhumba. Ina ikangogona mosiyana ndi dzulo, iye ankadziwa kuti yadwala dokotala wa ziweto asanatsegule n'komwe chikwama.

Malamulo a pafamupo anali okhwima: wantchito asawete nkhumba kwawo, asalowe ndi nyama ya nkhumba, ndipo pachipata aviike jombo m'madzi a mankhwala. Tusekile anamvera mpaka ana ake anakula akungomva fungo la nkhumba yootcha kwa eni. Koma kapitawo wawo, bambo Haonga, madziwo ankangowalumpha, ati mankhwala amang'amba jombo.

Chigodola chitalowa, nkhumba zinafiira makutu, ndipo pa masabata awiri zoposa mazana anayi zinakwiriridwa. Mwini famu, mayi Mwansasu, anafuna kudziwa amene anabweretsa matendawo, ndipo Haonga sanachedwe.

"Bwana, ine sindikonda kunena anthu," anatero, "koma amake Lugano, a Tusekilewa, anali kumaliro ku Mlowo, ndipo kumeneko kunaphedwa nkhumba. Nyama ndinaiona ndi maso angawa m'kambale kawo."

M'kambalemo munali nthochi zophika ndi nyemba. Koma ndani akanamvera wokolopa makola kapitawo atayankhula?

Tusekile sanakhululuke, ndipo sanayesereko. Kutchalitchi, pemphero likafika pokhululukira amangawa, iye ankatseka pakamwa mpaka mawuwo adutse. Anayamba kugulitsa mapeyala m'mbali mwa msewu wa ku Tunduma. Anthu anamupatsa dzina loti Mayi Chigodola, ndipo alimi akamuona akuyandikira makola awo ankamubweza ndi manja awiri. Haonga akamadutsa pa njinga yamoto ankaliza hutala n'kufuula kuti, "Malonda akuyenda, achemwali?" Mtima wa Tusekile unkawira tsiku lonse.

Patatha chaka kunabwera anthu ofufuza a ku yunivesite, motsogozedwa ndi Dokotala Kileo, mayi wocheperapo msinkhu. Ankafuna kudziwa njira imene matendawo anayenda, ndiye ankatenga magazi a nkhumba khola ndi khola. Anasowa munthu wodziwa kukola nkhumba chingwe kukamwa kuti iime, ndipo atamuona Tusekile akugwira imodzi yokha, anamulemba ntchito pomwepo.

"Koma chinthu chimodzi, amayi," anatero dokotalayo. "Ife sitilemba mayina. Khola lililonse timalipatsa nambala. Mukadzangotchula munthu, ntchito yanu yatha, chifukwa alimi sadzatitsegulanso zitseko."

Tusekile anavomera, koma mumtima anali ndi ulendo wake. Kuchigayo anali atamva kuti mkazi wamng'ono wa Haonga, wa ku Ihanda, amagula matumba a madeya sabata iliyonse pamene pakhomo pake palibe ngakhale nkhuku. Tsiku lina anauza dalaivala wa ofufuzawo kuti akhotere kumeneko.

Kuseri kwa nthochi kunali khola, ndipo munali nkhumba ziwiri zoonda. Mkaziyo, pomva kuti mayina salembedwa, anamasuka.

"Zinalipo khumi ndi ziwiri," anatero. "Zinayamba kufa kudakali sabata yathunthu za kufamu zisanadwale. Abambo ankazikwirira okha m'mawa, n'kumapita kuntchito."

"Ndi jombo zomwezo?" anafunsa Tusekile.

"Nanga ali ndi zina?"

Tusekile anagwira nkhumba ndi chingwe pamene dokotala ankalemba pa kabotolo kuti 47. Patapita milungu, magazi aja anaonetsa kuti ziwirizo zinadwalapo chigodola n'kupulumuka.

Kumapeto kwa kafukufuku, alimi onse anaitanidwa kumsonkhano. Mayi Mwansasu anakhala kutsogolo, Haonga pambali pawo atavala jekete. Dokotala Kileo anafotokoza bwinobwino kuti matendawo sayenda ndi mphepo kapena ufiti, amayenda ndi nyama, matayala ndi jombo. Anati zikuoneka kuti m'deralo anayambira pa khola nambala 47, n'kulowa pa famu yaikulu ndi mapazi a munthu. Haonga ankagwedeza mutu ngati mkulu wa mpingo.

"Sitinabwere kudzaloza munthu chala," anamaliza dokotalayo.

Tusekile anali kumbuyo, pafupi ndi ndowa za mankhwala. Ntchitoyi ankaikonda. Inali itamubwezera fungo la makola limene ankalisowa, ndipo dokotala anali atamulonjeza kupita naye ku Mbeya chaka chamawa. Anavula ovolosi ya ofufuzawo, n'kuipinda bwino, n'kuimirira.

"Adokotala, inu simuloza, koma ine chala ndili nacho. Nambala siiweta nkhumba. Khola limenelo lili ku Ihanda, kuseri kwa nthochi za mkazi wamng'ono wa bambo Haonga."

"Mayi ameneyu mutu wake sukuyenda!" anakuwa Haonga.

"Ukuyenda, achimwene. Galimoto ili panjapo, tiyeni tonse tikazione ziwiri zotsalazo."

Haonga anayang'ana pansi. Mayi Mwansasu anasuntha mpando wawo pang'ono, kenako anatambasula dzanja, ndipo Haonga anaikamo makiyi a pafamu anthu onse akuona.

Panja Dokotala Kileo anamupeza Tusekile, misozi ya mkwiyo ili lengelenge m'maso mwa dokotalayo.

"Mwandiphera ntchito ya miyezi isanu ndi itatu, amayi. Ndani adzandiuzanso zoona kuno? Simukumva chisoni?"

Tusekile anamupatsa ovolosi ija. Anafufuza mumtima mwake moona mtima, chifukwa mayiyu sanamulakwire chilichonse.

"Cha inu ndikumva, mwana wanga," anatero. "Koma mukanati mubwereze msonkhanowu mawa, ndikanaimiriranso."