Mlonda wakale ndi kamera yathu

Aneba athu kuno ku Likoswe anagwira ulonda zaka zambiri. Foni alibe, amangokhala pakhonde n'kumayang'ana odutsa.

Kamera yathu yolondera pakhomo inkaliza foni yanga nkhuku ikadutsa, ngakhale nthochi ikangogwedezeka, mpaka tinasiya kuilabadira. Anebawo anati, "Galu wouwa tsamba lililonse sadzutsa mwini wake."

Nditawaonetsa pafoni malo amene kamera imayang'anira, analoza ndi chala. "Nthochiyi ichotseni pamalo amene kamera ikuyang'anira, njira ya kumjigoyi ichotseninso. Musiye kampata ka kuseri kwa khola la mbuzika. Kuno wakuba amabwera masana, mudzi wonse uli kumaliro."

Tinaikonza kamerayo monga ananenera, ndipo foni inakhala chete milungu itatu. Inadzalira kamodzi, tili kumanda. Nditayang'ana, pakampata paja panali munthu, chingwe chili m'manja.