Mfundo ya Azakhali

Azakhali anga aphunzitsa Chingerezi ku yunivesite zaka makumi awiri ndi zitatu. Ophunzira anawapatsa dzina loti Mphindi Zisanu, chifukwa aliyense wodutsa m'manja mwawo amaima kutsogolo n'kuyankhula mphindi zisanu opanda pepala. Ine ndili ndi kashopu ka fotokope pafupi ndi geti, ndiye mapepala a dipatimenti yawo amadutsa pa makina anga.

Chaka chino aphunzitsi onse asanu ndi anayi anakhala pansi kukonzanso mndandanda wa zimene wophunzira ayenera kukhoza akamamaliza maphunziro. Lachitatu lililonse msonkhano, Lachinayi azakhali pashopu ndi mndandanda watsopano. Woyamba unali ndi mfundo 22, ndipo yawo, yoti wophunzira azitha kuyankhula pagulu, inali pa nambala 4. Sabata yachitatu inali pa 11. Yachisanu inali kumapeto, wina atailembera chizindikiro cha funso.

"Azakhali, mfundo yanu ikutsetsereka ngati sopo m'bafa."

"Panga fotokope, iwe. Mbali zonse."

"Koma vuto n'chiyani?"

"Akuti ana achuluka. Palibe angawamvetsere onse."

Ndinatenga bolopeni. Ophunzira 420, aliyense mphindi zisanu, ndi maola 35. Kugawana anthu asanu ndi anayi, aliyense sakwanitsa n'komwe maola anayi. Ndinalemba pakapepala n'kuwapatsa. Anakayang'ana monga munthu amayang'anira khoma, n'kukaika m'chikwama.

Tsiku lomaliza ndinakapereka mapepala kuchipinda cha msonkhano. Fani inkazungulira osabweretsa mphepo. Mfundo zonse anazimata pabolodi, ndipo mphunzitsi aliyense anapatsidwa timapepala tomata khumi toti aike pa zimene akufuna zitsale. Mfundo yosakwana timapepala tisanu inkachotsedwa. Anagwirizana choncho kuyambira pachiyambi kuti pasakhale kukangana.

"Mayi, tonse timaikonda mfundoyi," anatero mkulu wa dipatimenti. "Koma maola 35 akhale ndani?"

"Tikagawana ndi maola anayi aliyense," anayankha azakhali, mawu ali phwa, kapepala kanga kali m'manja.

"Ine maola anayi omvera 'eee, eee, mongadi'? Mundipeze kuchipatala," anatero mphunzitsi wa zolembalemba. Ena anaseka. Ena anali pafoni.

Anadzuka mmodzimmodzi kukamata. Ndinachedwa dala pakhomo, ndikusanja mapepala osanjika kale. Pa mfundo ya azakhali panamatidwa timapepala tiwiri. Kamodzi kanali kawo. Kena kanali ka bambo wina amene akupuma ntchito chaka chino.

Mkulu uja anaimatula bwinobwino kuti isang'ambike, n'kuwapatsa azakhali.

"Sungani, mwina mtsogolomu."

Onse anasaina mndandandawo. Azakhali anasaina achitatu, osachedwa.

Mawa lake anabwera pashopu nthawi yawo yomweyo ndi mndandanda womaliza uja. Ndinali nditaganiza kale njira ina: ophunzira azijambula mawu pafoni, kapena aziyankhula awiriawiri, maola atsike ndi theka. Ndinawafotokozera zonse makina akutentha.

"Chabwino," anatero.

"Ndiye mukawauza?"

"Mndandanda amaukonza pakatha zaka zisanu, mwana wa achimwene. Ine zanditsalira zitatu kuti ndipume ntchito."

"Nanga m'kalasi muzitani?"

"Ndiziphunzitsa zimene zalembedwa."

Anaima n'kumayang'ana kuwala kwa makina kukupita, kubwera. Kenaka anatola tsamba limodzi.

"Ili lapendekeka. Bwereza."

Ndinaliyang'ana. Linali lowongoka. Ndinabwereza.