Popondera Mapazi a Cecilia

Pofika sikisi koloko m'mawa wa Loweruka, Cecilia anali atakhala kale pakhonde, akutsendera thonje m'chishalo cha njinga yamoto ya mwamuna wake. Thonjelo linachokera kwawo ku Port Herald, ndipo anatha sabata yathunthu akulichotsa njere ndi zala.

Mwamunayo, a January, anali kalaliki pa kampani ina ya fodya ku Limbe. Anayamba ngati mesenjala, ndipo m'chaka chachinayi cha Chitaganya anapeza njinga yamoto yakale kwa mzungu wina amene ankabwerera kwawo. Ku Soche konse ankawadziwa ndi kulira kwake. Ulendo woyamba wa kumudzi unawapweteka msana, choncho anayamba kuikonza pang'onopang'ono. Anakweza zogwirira, kenaka anaika galasi lotchinga mphepo. Anzawo akayamikira kufewa kwa chishalo, iwo ankangomwetulira, osatchula amene anasoka.

M'mawa umenewo anatuluka ndi nkhani yoti pa Isitala adzapitanso kumudzi awiriwiri. Cecilia, maso ali pa singano, anati iye adzakwera sitima. A January anapsa mtima. Anati akakafika okha, achibale adzanena kuti banja lavuta, ndipo anafunsa ngati njingayo inkamuchititsa manyazi.

Cecilia anaika singano pansi, nakweza nsalu yake pang'ono. Kumbuyo kwa mwendo, pamwamba pa kakolo, panali chipsera chachikulu ngati chikhatho.

"Ndi paipi ya utsi ija, bambo a Ella. Kuyambira pa Chikwawa mpaka kukafika."

A January anakhala pansi. Zopondera za kumbuyo zinali ziwiri, china uku china uku, za munthu wokhala chotangadza. Koma mayi wapabanja sakanalowa m'mudzi mwa apongozi ake atakhala chomwecho. Cecilia ankakhala chammbali pa kaliyala wachitsulo, phazi limodzi likuponda, linalo likulendewera pa paipi yotentha. A January anakumbukira kuti atabwerako mkazi wawo anatsimphina mwezi wonse, iwo nkumati ndi minga. Madzi ankatungidwabe, ndipo zovala zawo zafumbi zinachapidwa tsiku lomwelo.

Atafunsa amene anatsuka balalo, Cecilia anati ndi Alefa, mkazi wa a Alidi, mmisiri wokhoma zidebe wa nyumba yoyandikana nayo. Apo a January anazindikira kuti mzere wonse wa nyumbazo unkadziwa, kupatula iwo amene ankagona naye chipinda chimodzi.

Anadzuka napita pamene panali njingayo. Kenaka anaikankha, osailiza, mpaka pabwalo la a Alidi. Mmisiriyo anawayang'ana nyundo ili m'manja.

"Lero bwana akufuna chiyani, ambulera pamwamba pa chishalo?"

A January sanaseke. Anavula chipewa, nalankhula motsitsa mawu kuti Alefa, amene ankasesa pafupi, asamve, ngakhale ankadziwa kuti akumva.

"Achimwene, mundikhomere lata lotchinga paipi iyi, ndi popondera mapazi onse awiri mbali imodzi. Muyeso wake ine sindikuudziwa. Mupemphe mayi a kunyumba kuno akamufunse mayi a Ella, ngati angavomere kudzakhalapo kuti muyeze."