Msuzi wa chinsalu chopukutira mbale

Ine phunziro la Homu Ikonomikisi sindinachite kulisankha. Anandiponyako ndi ahedi nditafika Fomu 3, chifukwa cha chule amene anapezeka m'jombo ya aphunzitsi a zaulimi. Chuleyo sanafe, aphunzitsiwo sanafenso. Anangothamanga ndi jombo imodzi m'munda wa kabichi akukuwa, koma kuyambira tsikulo anakana kundionanso m'kalasi mwawo. Ahedi anaitanitsa bambo anga. Bambo anafika pa kabaza atavala jekete la kutchalitchi, ndipo muofesi momwemo anandiloza chala.

"Mbwenu, basi, aka n'komaliza," anatero. "Ndikadzaitanidwanso kuno, sukulu yathera pomwepo. Ukupita kwa amalume ako kuseri kwa Jenda, ukasoke fodya mpaka umere imvi."

Fodya wa amalume ndimamudziwa. Utomoni wake umamata m'manja, ndipo m'chigafa umakhalamo tsiku lonse wopanda woseka naye. Ndinalumbira mumtima kuti kumeneko sindikapondako.

Ahedi ankaganiza kuti ndikakhala pakati pa atsikana n'kumadula anyezi, manyazi andiweta. Anaiwala kuti m'kalasi imeneyi mumakhala chakudya. Duku ndinavala, epuloni ndinavala, anyamata ondiseka pawindo ndinkawatafunira zitumbuwa pamaso. Zonse zikanayenda bwino pakanapanda chinsalu.

Chipinda chophikiramo chinali kuseri kwa laibulale. Munali kuka wamagetsi amene anafa kalekale, mbewa zinasandutsa uvuni wake chipatala choberekera. Tinkaphika pambaula, madzi tinkatunga m'diramu. Aphunzitsi athu, amene tonse tinkangowatchula kuti Madamu, anali ochokera ku Dedza, olankhula Chichewa chosalala ngati cha pawailesi, epuloni yawo yoyera mbee. Ukhondo ankaulalikira kuposa abusa. Tisanagwire mpeni tinkatambasula manja, iwo n'kumayendera zikhadabo ndi rula. Koma kuseri kwa chitseko, pamsomali, pankalendewera chinsalu chopukutira mbale.

Mtundu wake weniweni palibe ankaudziwa. A Fomu 4 ankati anachipeza chili chomwecho. Chinsalu chimenechi chinkaphula mapoto pamoto, chinkapukuta tebulo lomwe tadulirapo mitu ya usipa, chinkakolopa dzira likaswekera pansi, chinkapha mphemvu. Tsiku lina ndinaona mtsikana wachimfine atachiyendetsa pamphuno mwachangu, n'kuchibwezera pamsomali ngati palibe chachitika. M'mawa wa mu Juni, kuzizira kwa ku Mzimba kukagwira mafuta ake, chinkauma gwa, moti ukachiimika patebulo chinkaima chokha. Dzuwa likakwera chinkafewa n'kuyamba kununkha. Fungo lake linali ngati la ngalande ya kumsika atathiramo majarini.

Sopo analipo, koma anali wokhomera m'kabati, kudikira mayeso. Chinsalucho chinkangoviikidwa m'madzi otsukira mapoto n'kufinyidwa, basi, chachapidwa.

Chomwe chinkandinyansa kwambiri chinali kachongedwe ka Madamu. Ankayenda ndi supuni imodzi. Akalawa poto wa gulu loyamba, supuni ija ankaipukuta pachinsalu, n'kuiviika m'poto wa gulu lachiwiri. Pakamwa, pachinsalu, m'poto. Pakamwa, pachinsalu, m'poto. Tikatero ifeyo tidye, chifukwa chakudya sichitayidwa.

Ndinayesa njira yaulemu, wina asadzanene kuti sindinayese.

"Madamu, chinsaluchi bwanji tingochiwotcha? Chatumikira mokwanira."

"Ndi katundu wa sukulu ameneyo. Iweyo wagulapo chiyani muno?"

"Ndiye tichiike m'manda mwaulemu, Madamu. Ine ndilalikira."

Atsikana anaseka, Madamu sanaseke. "Popeza uli ndi pakamwa, kuyambira lero wopukuta matebulo ndiwe."

Ndiye kuti Lachinayi lililonse chinsalu chija chinkakhala m'manja mwanga. Kunyumba ndinkadya ndi supuni ngati mzungu, chifukwa zala zanga zinkanunkhabe ngakhale nditazikwecha ndi mchenga.

Tsiku la chinsalucho linafika pamene tinkaphunzira msuzi wa mafupa, uja umawiritsa mafupa nthawi yaitali kuti mafuta ndi kukoma kwake zitsikire m'madzi. Zophikira tinkabweretsa tokha kuchokera kunyumba, gulu lililonse n'kugawana. Mtsogoleri wa gulu lathu anali mtsikana wamagalasi amene ankafuna kudzakhala namwino, moti tinkangomuti Anesi. Malikisi ankawakonda kuposa moyo. Iye anabweretsa anyezi ndi karoti, wina makala, ine anandipatsa ntchito ya mafupa. Ndinadzera kubutchala mochedwa, abwino atatha. Amene ndinapeza anali opalidwa moti galu akanangowanunkhiza n'kupitiriza ulendo.

Mapoto a anzathu anayamba kuyandama mafuta. Wathu ankawira madzi oyera, oti munthu n'kusambitsira khanda.

"Iwe, awa ndi mafupa kapena miyala ya mumtsinje?" anatero Anesi. "Ukandigwetsera malikisi anga udzandidziwa."

"Ng'ombeyi inali yosala kudya, Anesi. Mulandu si wanga."

Anatsonya n'kutuluka kukatenga makala ena. Anzathu ena a m'gulu anali kudiramu. Ine ndinatsala ndekha pambaula, chinsalu chili m'manja chifukwa ndinali nditangovundukulira chivindikiro. Ndinayang'ana madzi aja, ndinayang'ana chinsalu. Mafuta onse amene sukulu yathu inaphikapo chiyambire anali m'manja mwangamo. Ndipo Madamu anali atachiteteza ngati mwana wawo. Ndinaona kuti n'chilungamo kuti adziwane bwinobwino.

Za ku Jenda ndinazikumbukira chinsalu chitamira kale. Ndinachikanikiza ndi chipande pansi pa mafupa n'kuvindikira.

Anthu inu, chinsalu chija chinali ndi chuma. Posakhalitsa madzi anasanduka ofiirira, pamwamba pakuyandama timaso tamafuta tonyezimira. Nthunzi inkatuluka ndi fungo la usipa, anyezi wokazinga, nyemba, kanyenya, ndi china chake chapansipansi chimene mpaka lero sindifuna kuchitchula dzina. Anesi atabwera anavundukula, nkhope yake inawala. Kenako kona ya chinsalu inatumphuka pakati pa karoti, n'kumiranso.

"Ntchivichi ichi?" anafunsa m'Chitumbuka, akuloza m'poto.

"Zokometsera."

"Ndikukanena. Pompano."

Sanapeze mpata. Madamu anali atafika kale kumbuyo kwathu ndi supuni yawo, maso akusakasaka pamsomali ndi patebulo.

"Chinsalu chili kuti?"

"Chinali pompano, Madamu," ndinatero. "Sichili patali."

Anang'ung'udza, n'kutsuka supuni ndi madzi a m'kapu. Aka kanali koyamba kuti ndione supuni imeneyo ikukhudza madzi. Anaiviika m'poto wathu, anauzira, anamwa. Ndinayang'ana pakhosi pawo pakutsika zinthu. Anatseka maso. Anaviikanso.

"Ehee. Izi ndiye zimene ndakhala ndikunena. Bwerani nonse mununkhize kuno! Msuzi wa mafupa uzikhala ndi thupi chonchi, osati madzi a m'chithaphwi mwandiphikira uko."

Anesi anatsegula pakamwa. Madamu anamugwira paphewa n'kunena kuti gulu lake lapambana onse chaka chino. Anesi anatseka pakamwa.

Zikanathera pomwepo bwenzi ndikungoseka mpaka kunyumba. Koma Madamu anali ndi kankhondo kawo ndi ahedi, amene ankakonda kunena kuti chipinda chathu chimangodya makala. Anatuma mtsikana kukawaitana kuti adzalawe okha. Apa ndiye ndinayamba kumva fungo la fodya wa amalume.

Ahedi analowa akupukuta choko m'manja. Madamu anawatungira kapu yodzaza. Iwo anainyamula, anainunkhiza, n'kufunsa kuti wayang'anira poto ndani. Zala zonse zinaloza ine. Anandiyang'ana nthawi yaitali. Bambo ameneyu chule uja anali asanamuiwale.

"Uyu? Kwathu kuno wophika ndiye amayamba kulawa, mlendo pambuyo." Anandipatsa kapu ija. "Imwa, mnyamata. Yonse."

Kukana kunali kuvomera mulandu. Ndinagwira kapu ndi manja awiri ngati mwana wolemekeza akulu, n'kuiika pakamwa.

Choipa kwambiri n'choti poyamba unkakoma. Kenako lilime linayamba kuzindikira alendo mmodzimmodzi. Uyu ndi usipa wa temu yatha. Ili ndi dzira lija linagwa pansi. Kamchere aka ndikukadziwa, n'ka mtsikana wachimfine uja. Kanthu kena kolimba kanagunda dzino, ndinakameza msanga ndisanaganize ngati kali ndi miyendo. Kaulusi kanakola pakati pa mano n'kumakoka pakhosi. Mafuta anamata m'kamwa monse ngati kandulo. Maso anadzaza misozi, m'mimba munakankha kufuna kubweza, ine ndinakankhanso. Ndinamaliza, ndinatembenuza kapu kuti aone, ndinanyambita milomo.

"Yewo chomene, bwana," ndinatero. "Ndingaonjezere?"

Ahedi anamasuka. Anamwa kapu yawo, ndevu zikunyezimira mafuta, n'kupempha ina. Anati msuzi wotere anaumwapo kuhotela ku Mzuzu kokha. Atsikana a magulu ena anafola ndi masupuni. Anesi yekha anati akusala kudya, Lachinayi masana, munthu amene m'mawa tinamuona akudya mandasi.

"Tsopano tisefe," anatero Madamu, "ahedi aone mmene msuzi woyera umaonekera. Bweretsani sefa."

Kusefa ndiye kuti kukhuthula poto yense, mafupa ndi zonse zili pansi pake zigwere poyera. Ndinayang'ana Anesi. Iye anandiyang'ana ndi maso oti akanatha kundipha, koma malikisi aja anali akenso. Anakweza dzanja.

"Madamu, ndisanaiwale, pa chithunzi chili kukhomacho, mafupa amalowa m'gulu liti la zakudya? Chifukwa buku likunena zina."

Madamu ukawatsutsa ndi buku, ngakhale nyumba ikupsa amayamba ayankha. Anatembenukira kukhoma ndi rula, ahedi nawo anatembenuka, kalasi yonse inatembenuka. Ine ndinavuula chinsalu ndi chipande. Chinatuluka chotuwa, chofewa, chikufuka nthunzi ngati matumbo a mbuzi. Pawindo panali anyamata oonerera, pansi panali poyera. Ndinachikwinya n'kuchilowetsa m'thumba la buluku, kunsi kwa epuloni.

Munthu amene sanaikepo nsalu yowira pantchafu asandiuze za mavuto. Ndinaima chilili, msuzi ukutsetsereka mwendo wonse mpaka m'sokosi, ahedi akulankhula za mwana wolowerera amene wabwerera. Anandigwira chanza. Anauza atsikana kuti atengere chitsanzo kwa ine. Ndinkangogwedeza mutu, mano ali pamodzi, misozi ikutsika, ndipo Madamu anati taonani, mpaka zamukhudza.

Belu litalira ndinathamangira kuseri kwa zimbudzi n'kubweza zonse, pamodzi ndi mbatata ya m'mawa. Chinsalu sindinachitaye pasukulu, chikanapezeka. Ndinadutsa nacho kumsika ndikutsimphina, agalu a kubutchala ali pambuyo panga mumzere, wina akundinyambita nsapato. Kumsewu waukulu ndinapeza lole ya matabwa a ku Chikangawa itaima, dalaivala akugula chipisi. Ndinachiponya pamwamba pa matabwa. Ngati wina ku Lilongwe anagula thabwa lonunkha usipa, adziwe kuti linachokera kwa ife ndi mafuno abwino.

Pasanathe sabata Fomu 3 yonse inali itadziwa, koma Anesi ankateteza malikisi ake, ndipo ena amene akanakanena anali atamwako, ndiye ndani akanafuna kuti dzina lake limveke? Madamu anachisaka chinsalu chawo mpaka muuvuni wa mbewa. Pamapeto pake anang'amba chitenje chakale n'kupachika chidutswa pamsomali. Anesi sanandilankhule mpaka titatsekera. Atandilankhula anangoti, "Ukadzadwala usadzabwere kuchipatala kwanga. Ndidzakubaya jekeseni ndi msomali."

Kuyambira pantchafu mpaka pabondo panatuluka matuza, ndinawauza amayi kuti ndi mbaula. Loweruka bambo anabwera kuchokera kumsika akumwetulira, zomwe sizichitikachitika. Anali atakumana ndi ahedi.

"Akuti wasintha. Akuti uli ndi dzanja la kukhitchini." Anakhala pampando n'kuvula nsapato. "Za ku Jenda tiiwale. Amalume ako apeze waganyu. Koma mawa tikaweruka kutchalitchi utiphikire msuzi umenewo, amayi ako aphunzireko."

"Mafupa ake ndi osowa, adada."

"Ndigula ine."

Ndinatuluka panja kukayang'ana pathandala. Nsalu ya amayi yopukutira mbale inali itayanikidwa padzuwa, yochapidwa ndi sopo, yoyera ngati ya paguwa. Yopanda ntchito. Lamlungulo banja lathu linamwa madzi otentha a karoti, ndipo bambo anati ahedi aja n'kutheka sanadyepo zabwino.