Njinga Ziwiri ndi Khasu ku Matopo

Kapilo kanga kanali ka saka la shuga, mkati muli nsanza. Amayi anakasoka kuti kazimangidwa pakaliyala ya njinga ya abambo, zitsulo zisamandipweteke. Chimwalirireni amuna anga masana amanditalikira, ndipo ndikakhala pakhonde ndimapezeka ndikukumbukira kapilo kameneka, ndi Disembala woyamba dziko lino litalandira ufulu. Ndinali ndi zaka zisanu ndi zinayi.

Ku Mzilikazi, komboni yathu ya m'tauni, mafakitale akatseka pa Khirisimasi, mzere wathu wonse wa nyumba unkatsala pululu. Anthu ankakweza matumba pabasi, akuti akupita ekhaya, ndiko kuti kumudzi. Ife tinkatsala kudyetsa agalu a eni. Agogo anachokera ku Nyasalande wapansi n'kudzafera m'tauni muno, choncho abambo mudzi wa kwawo ankangoudziwa dzina. Sankadandaula pakamwa, koma ankalakalaka mudzi, uliwonse, woti nawonso azikhala nako kopita.

Chaka chimenecho nkhondo inali itatha, misewu yatseguka. Abambo ndi amalume, mlongo wawo wa amayi, anapangana kuti tchuthi chonse akachithere kumapiri a Matopo, akukwera ndi kutsika panjinga. Chovuta chinali chimodzi: azikagona kuti?

Amalume ankafuna pamashopu, patsinde pa mapiri. Panali kachipinda kuseri kwa golosale, mjigo wa madzi, ndi munthu womata machubu. "Alamu," ankatero, "phiri umakwera m'mawa mimba ili yokhuta. Madzulo njinga imakubweretsa yokha." Abambo ankafuna mudzi wa mnzawo wa kufakitale, umene unali pamwamba, pakati pa miyala. "Ngati ndi mashopu, nanga kuno tikuchokeranji?" Anakangana mlungu wathunthu, akujambula mapiri pansi ndi kamtengo, nkhuku n'kumafufuta. Amayi atatopa anati, "Wina akufuna mowa wozizira, wina akufuna kudzutsidwa ndi tambala. Tengani mwanayu, mwina mukachita manyazi kumenyana." Umu ndi mmene ndinalowera pa ulendowo. Mudzi unapambana chifukwa pampu inali imodzi, ndipo inali ya abambo.

Lero ndikuvomereza kuti pa nkhani ya njinga amalume ankanena zoona. Njinga zathu zinali zakuda zija, zolemera ngati ng'ombe, zopanda magiya. Tinanyamuka m'mamawa, tinafika dzuwa litapendeka, chitunda chomaliza tikukankha. Miyala inali itasanjikizana ngati wina anaiika dala, ikununkha mvula, abuluzi akuthawa m'mapazi mwathu. Pachipata abambo anafuula odi wa kumeneko kuti "Ekuhle!" monga anawaphunzitsira mnzawo, kenako ananjuta n'kuwomba m'manja mwa Chichewa, kuti pasaperewere kanthu. Akazi a mnzawoyo anaseka mpaka kugwira chipupa, n'kutipatsa mkaka wowawasa m'chipanda.

M'mawa uliwonse tinkatsika. Sindinaonenso kukoma kotero. Mphepo inkandilowa m'kamwa, mabuleki akulira, ine nditakumbatira malamba a abambo, ndikukuwa mayina a anzanga onse a kusukulu kuti amve. Tsiku lina amalume analephera kukhota, anakalowa m'matope a m'dambo, n'kutulukamo chipewa chili pamutu, nsapato imodzi palibe. Madzulo ndiye tinkalipira kukoma kuja. Tinkakankha njinga kukwera, thukuta lili chuchuchu, amalume akuyankhula okha: "Mudzi wanuwu, alamu, anaumangira anyani."

Tsiku lachitatu abambo anagula khasu pamashopu paja. Kuyambira pamenepo njinga yawo inkatandala pamthunzi. Iwo ankalawirira kumunda ndi eni mudzi kukapalira chimanga, ine n'kusamutsira kapilo kanga panjinga ya amalume. Amalume ankawanena kuti ndi munthu yekhayo amene anapempha tchuthi kuti akagwire ntchito yopanda malipiro. Eni munda anawapatsa mizere itatu ya kumapeto, n'kumaitcha mwanthabwala kuti ndi munda wa Mnyasa. Abambo ankaseka kuposa onse. Ankabwera ndi matuza m'manja, n'kumationetsa limodzilimodzi ngati mwana amene wakhoza mayeso. Anali munthu wobadwira m'tauni, ndipo ndikuganiza kuti anadula chimanga chambiri pamodzi ndi udzu, koma palibe anawauza.

Tsiku lobwerera linafika msanga. Tinamangirira maungu anthete ndi nkhuku imene anatipatsa, tinatsanzika, tinafika mpaka pachipata. Pocheuka ndinaona khasu la abambo lili pansi pa nkhokwe, litatsamira pamodzi ndi makasu a eni nyumba, mpini wake woyera pakati pa mipini yakuda. Amayi anandilera kuti chinthu chathu sichitsala kwa eni. Ndinadumpha panjinga, ndinathamanga, ndinabwera nalo ndikulikoka.

"Bambo, mwaiwala khasu lanu."

Akazi a mnzawo wa abambo, amene ankatiperekeza mwansangala, anasiya kuseka. Amalume anawerama n'kuyamba kufinya tayala limene linalibe vuto. Abambo anayang'ana khasulo, anayang'ana kunkhokwe, kenako anandiyang'ana ine, mwana wawo ndikupumira m'mwamba pamaso pa anthu, ndikudikira kuyamikiridwa.

"Wachita bwino, mwanangu," anatero. Analimangirira m'mbali mwa njinga ndi chingwe cha chubu.

Zaka zotsatira njira za kumeneko zinavutanso ndi zipolowe, ndipo sitinabwerereko. Koma tsiku limenelo ine ndinatsika phiri lonse dzanja limodzi lili pampini, ndikuimba, ndikudziona kuti ndapulumutsa khasu latsopano. Ndinadabwa chabe kuti abambo, amene masiku onse ankatsika ngati mphepo, ankagwira mabuleki pa kona iliyonse n'kumacheuka. Ndinkayesa akuopa kuti nkhuku igwa. Sindinkadziwa kuti munthu amasiya khasu pamalo pamene akufuna kuti azimuyembekezera.