Mankhwala a Malemu Maynard

Mukafika kumtunda kwa Nsipe n'kufunsa a Zelesi, aliyense akulozerani. Si olemera ayi. Amalima mbatatesi ngati wina aliyense, n'kumagulitsa m'mabeseni pamsewu. Chowatchukitsa ndi chidebe chabuluu chimene amapita nacho paliponse pamene abale akugawana katundu wa malemu. Anthu amawaseka kuti fungo la maliro amalimva msanga kuposa adzukulu okumba manda. Iwo sakwiya. Amangokhala pansi, n'kuvundukula chidebecho n'kunena kuti, "Zovala gawanani, koma mankhwala ponyani muno." Mwezi ukatha amakakhuthulira m'bokosi lokiya la kuchipatala, kumene amadziwa kawonongedwe kake.

Zinayambira pakhomo pawo pomwe. Amuna awo, a Maynard, anadwala shuga zaka zisanu ndi chimodzi, ndipo pomwalira anasiya mapaketi a mankhwala odzaza jumbo. Tsiku logawa katundu, jekete inapita kwa mng'ono wawo, njinga kwa mphwawo, wailesi kwa amalume. Kenako alongo awo a malemuwo, a Christobel, anatambasula dzanja.

"Mankhwalawo ndi anga, alamu. Inenso ndikumamva chizungulire ngati mmene ankachitira achimwene. Tinayamwa bere limodzi, matenda ndi omwewo."

Mankhwala amenewo a Zelesi ankawadziwa ukali wake. Tsiku lina a Maynard anawamwa asanadye kanthu, ndipo a Zelesi anakawatola amuna awowo m'munda ali kwala, thukuta kamukamu. Koma mkazi wamasiye kukaniza mlamu wake pamaso pa abale, si nkhani yamasewera. Komanso a Christobel pakamwa pawo mpakuthwa, mudzi wonse umadziwa.

"Pepani alamu, awa okha sindikupatsani," anatero a Zelesi.

"Mwamva abale? Mwamuna wagona dzana, mkazi wayamba kale kuumira katundu."

Masabata awiri anatha osapatsana moni. Kumjigo a Zelesi akafika, nkhani zinkaduka. Zinawapweteka kwambiri, pakuti a Christobel ndi amene anawalandira atangokwatiwa, nawaphunzitsa ngakhale kaunjikidwe ka mbatatesi pabeseni kuti zioneke zambiri. Ndiye lero adane chifukwa cha jumbo? Anaganiza zongolitaya m'chimbudzi, koma anakumbukira alangizi a zaumoyo akuchenjeza kuti zotaya pansi zimakathera m'zitsime. Komanso kutayako sikukanachotsa chizungulire cha alamu awo.

M'mawa wina anavala chitenje chatsopano, natenga jumbolo, nakaodira pakhomo pa a Christobel.

"Tiyeni kuchipatala limodzi. Akakuyezani n'kunena kuti mankhwalawa ndi anu, ndikupatsani ndi manja awiri, ndipo ndidzapepesa pamaso pa abale onse."

A Christobel anavomera, osati chifukwa chogonja ayi, koma kupepesa kumeneko ankakufunitsitsa. Njira yonse anayenda patsogolo, osacheuka ngakhale kamodzi.

Namwino anawabaya a Christobel kachala, nawamanga lamba pamkono, kenako anabwerezanso kuyeza. Atatero anatsegula jumbo lija n'kuwerenga mapaketi.

"Mayi, shuga mulibe. Vuto lanu ndi kuthamanga kwa magazi, ndipo kwakwera zedi. Ndikupatsani mankhwala anuanu, olembedwa dzina lanu. Awa a achimwene anuwa mukanamwa, akanakugwetsani, mwina osadzukanso."

Anatuluka onse n'kukaima pakhonde, pamene panali bokosi lija. A Zelesi anayamba kuponya mapaketi limodzilimodzi. Lililonse linali ndi dzina la amuna awo, ndipo misozi inawalengeza. Ataponya lomaliza anapinda jumbo kuti azipita.

"Dikirani, alamu," anatero a Christobel chapansipansi.

Anayamba kumasula mfundo ya pansonga ya chitenje chawo. Inali yothina, mpaka anachita kuiluma ndi mano. Mkatimo munali mapilitsi oyera asanu ndi awiri.

"Ndinatapako tsiku la maliro, inu muli kubafa. Ndimati ndiyambe kumwa tikamakumba mbatatesi, kuti ndipeze mphamvu."

"Mukumba liti?"

"Mawa."

A Zelesi anakhala pansi pomwepo. A Christobel anaponya mapilitsiwo m'bokosi, nasasa chitenje, nakhala pambali pawo n'kuwagwira dzanja.

"Mawalo mubwere ndi khasu lanu, alamu. Ndekha sindimaliza."